Fulu wa Amake Grace

Ana anga, za ubwana wanga ku Petauke munazimva kokwanira kwa azakhali anu, amene amaziwonjezera mchere chaka ndi chaka. Ine ndiyambira pamene ndinavala ovolosi ndi majombo a ntchito, chifukwa za kumeneko palibenso wina wokuuzani koma ine ndekha.

Chaka chimene ndinayamba ntchito

Nditamaliza maphunziro a zaziweto ananditumiza kuno ku Kabwe, kumadibi a ng'ombe a mbali ya ku Mpima. Agogo anu anagwirapo ntchito ya njanji m'tauni muno asanabwerere kumudzi, ndiye ine ndinafika ndikuyenda ngati mwini malo, chonsecho Chibemba ndinkadziwa cha moni chokha. Bwana wanga woyamba anali a Chanda, munthu wamfupi koma wa mawu okwanira anthu atatu. Akakuitana ali kuseri kwa khola, ngakhale ng'ombe zinkaleka kudya. Mlungu woyamba anandipeza nditatchera khutu kwa mlimi wina amene ankafotokoza matenda a ng'ombe yake mpaka kutchula ndi amene anailodza. Anandikoka kolala n'kunditengera pambali.

"Iwe Daka, mwine wa ng'ombe azakamba vonse vamene afuna. Iwe yangana pamene igona, yangana vamene idya. Matenda yambili yali pamene apo."

Ndinakwiya chifukwa anandikoka pamaso pa anthu, koma mawuwo ndinawasunga, ndipo anandidyetsa mpaka tsiku lopuma ntchito.

Zaka zimenezo zinali za kusowa. Mankhwala a dibi ankatha nkhupakupa zili pachimake, ndipo tinkangoyang'anizana ndi alimi, iwo ndi ng'ombe zawo, ife ndi dziwe louma. Ofesi inali ndi njinga yamoto imodzi imene inkakhala yopukutidwa bwino chifukwa mafuta oyendera kunalibe. Ine ndinkapalasa yanga yakapalasa, katemera ali m'kabokosi kokulungidwa ndi chiguduli chonyowa. M'maulendo amenewo ndi mmene ndinapezera amayi anu akugulitsa munkoyo, thobwa la kuno, m'mbali mwa msewu. Ndinamwa munkoyo wochuluka kuposa ludzu langa ndisanalimbe mtima kuwafunsa dzina.

Zaka zimene mgodi unatsekedwa

Mgodi wa mtovu wa muno mu Kabwe utatsekedwa anandisamutsira ku kachipatala kathu ka ziweto ka m'tauni, ndipo tinapeza nyumba ija ya ku Kamushanga imene ambiri a inu munakuliramo. Tauni inali itazizira. Mabanja ankalongedza katundu n'kumapita, ena ku Lusaka, ena kumudzi, ena kunja, ndipo zimene sizinkakwana m'lole ankazisiya pakhomo pathu: agalu, amphaka, mbalame za m'zikwere, ndiponso afulu amene ana a mabwana ankaweta m'mayadi.

Bwana wanga watsopano anali Dokotala Mulenga, mayi wamtali wosakonda kubwereza mawu. Tsiku limene anandipatsa fulu woyamba kuti ndimuyeze ndinabisa manja kumbuyo. Kwathu zokwawa sitigwira, ndipo sindinaone chifukwa choyambira nditakula.

"Ba dokota, ine ninaphunzila ng'ombe, osati ivi vokwawa," ndinatero.

"Chili na mwine wake? Chidwala? Ndiye kuti ni chathu. Gwilani, ba Daka, sichiluma."

Ndinagwira, nkhope nditaikwinya. Ndikagwira ng'ombe ndinkamva kutentha kwa moyo m'manja, koma chinthu ichi chinali chozizira ngati mwala wa m'mawa, ndipo a dokotala anandiuza kuti nkhani yonse ya zokwawa yagona pamenepo. Zilibe moto wa m'thupi mwawo, zimachita kubwereka kudzuwa. Fulu kapena buluzi akapanda kuothera, chakudya chimangokhala m'mimba osagayika. Akakhala nthawi yaitali osawombedwa ndi dzuwa lenileni, mafupa ndi chigoba zimafewa ngakhale azidya mokhuta. Dzuwa lolowera pagalasi la windo silithandiza, chifukwa galasi limalola kuwala ndi kutentha koma limatsekereza mphamvu ija yolimbitsa mafupa. Tinali ndi babu limodzi lapadera, lochokera kunja, lopatsa mphamvu yomweyo kwa zodwala zimene sitikanazitulutsa m'nyengo yozizira. Tinkalisunga ngati dzira, koma magetsi ankazima nthawi imene tinkalifunitsitsa. A dokotala ankangoseka, amvekere m'dziko lodzaza dzuwa ngati lino munthu wodalira babu ndi waulesi.

Zambiri zimene zinkabwera kwa ife sizinkadwala matenda ogwidwa kwina, zinkadwala chikondi cha eni ake. Mphunzitsi wina anabweretsa bilimankhwe wotsala pang'ono kufa ndi ludzu mbale ya madzi ili pambali pake, osadziwa kuti iye amamwa madontho a pamasamba okha. Ena ankaboola chigoba cha fulu m'mphepete n'kumumanga ndi waya pamtengo ngati mbuzi. Apo ndiye a dokotala ankakwiya zenizeni, chifukwa chigoba ndi thupi, chimamva kuwawa. Pofika chaka chachiwiri ndinali nditazolowera, moti ndinkatha kukanda fulu pakhosi kwinaku ndikucheza ndi mwini wake. Amayi anu ankandiuza kuti ndisambe m'manja kawiri ndisanakhudze mbale zawo, ndipo pamenepo a dokotala ankagwirizana nawo.

Chaka chimene Monica anabadwa

Munali m'nyengo yozizira, mwana wathu Monica akadali wa kumsana. M'mawa wina, pamzere wa anthu obayitsa agalu katemera wa chiwewe, panali mayi wowonda atasenza beseni lodzaza masamba a repu, ngati wopita kumsika wasochera. Nthawi yake ikakwana ankalola wina kudutsa. Anachita zimenezo mpaka pabenchi panatsala iye yekha, ndiye anasendera pafupi n'kufunsa motsitsa mawu ngati ndine a Daka a ku Petauke. Nditavomera anapuma mozama. Anati iye ndi Mai Tembo a ku Ngungu, komboni ina ya m'tauni muno, koma ndiziwaitana Amake Grace. Anatseka okha chitseko, n'kuchotsa masamba aja.

Pansi pake panali fulu wamkulu wa mawanga, koma wosautsa kumuyang'ana. Chigoba chinali cha mabampu, chophwatalala kumbuyo, ndipo nditadina ndi chala chinabonyoka. Maso anali otupa, mlomo utakula mopindika, miyendo yakumbuyo akungoikoka. Ndinaitana a dokotala. Iwo anamutembenuza mosamala, n'kufunsa kuti amadya chiyani.

"Chamene nidya ine," anatero Amake Grace. "Nshima, tukapenta, buledi nikankhala nayo. Sininamumanepo olo siku imozi, ba dokota. Olo nilibe, iye amadya."

"Agona kuti?"

"Mu kachipinda ka malasha," anatero, kutanthauza kosungiramo makala.

"Muli windo?"

Mayiyo anapukusa mutu. Atafunsidwa kuti fuluyo anaona dzuwa liti komaliza, anayang'ana pansi n'kunena kuti pa maliro a amuna awo, ndipo panali patapita zaka.

Nkhani yake inatuluka pang'onopang'ono, akundiuza ine kuposa a dokotala, mwina chifukwa ndinali wakwawo. Amuna awo ankagwira ntchito ya njanji. Tsiku lina anatola kafulu kakang'ono m'mbali mwa njanji, n'kubwera nako m'thumba la ovolosi kudzapatsa mwana wawo mmodzi yekhayo, Grace. Bamboyo anakatcha Kasitima pokaseka mayendedwe. Mtsikanayo anakula nako, akukasambitsa ndi mswachi wakale, akukathyolera maluwa a maungu. Grace anadwala n'kumwalira ali ku sekondale. Chaka chotsatira bambo ake anamutsatira. Pa maliro achiwiriwo, azimayi ali khale pamphasa akuimba, fulu anatulukira kuseri kwa nyumba, n'kudutsa pakati pawo bwinobwino kulunjika pakhomo pamene panali bokosi. Iye ankangopita kumalo ake a masiku onse, koma azimayi aja anabalalika akukuwa. Woyandikana nawo nyumba, Bana Mwape, ananena mokweza kuti tsopano chimene chikudya anthu m'nyumba muno chaoneka.

Kuyambira tsiku limenelo panalibe wobwera kudzapempha mchere kapena moto. Ana ankawakoka dzanja akamadutsa pakhomopo. Amake Grace anauza anthu kuti fulu anakamutaya kuthengo, n'kumutsekera m'kachipinda ka makala. Nawonso anasiya kukhala panja. Ankachapa kuseri, kutchalitchi ankakhala pabenchi yomaliza n'kutuluka nyimbo yotsekera isanathe.

A dokotala anamubaya fuluyo jekeseni yolimbitsa mafupa, anamudula mlomo wopindikawo, kenaka ananena zoona zake popanda kuzungulira. Jekeseniyo inali yongothandizira. Mankhwala ake enieni anali dzuwa la tsiku ndi tsiku, ali pansi pa dothi, ndi kudya udzu ndi masamba m'malo mwa nshima. Akabwerera m'chipinda chija sadzaona mvula ya chaka chimenecho.

"Nikamuchosa panja bazanishokela nyumba na moto," anatero mayiyo.

"Ndiye musiyeni kuno. Tizamupezela malo."

Amake Grace anakokera beseni pamiyendo pawo n'kulikumbatira. "Ba dokota, vovala va mwana wanga banagabana. Mabuku yake ninapasa bana ba achibale. Uyu ndiye chabe anasala wamene anamuziba Grace. Nikamuitana mwamene anali kumuitanila, amachosa mutu."

Ine ndagwira ziweto zambiri zikufa, eni ake akulira, koma tsiku limenelo ndinachita kutuluka panja kukayang'ana mpanda. Tinagwirizana kuti fulu agone kwathu kuchipatala masiku ochepa, aziothera kuseri kwa ofesi. Mayiyo atapita ndi beseni lopanda kanthu, a dokotala anandiyang'ana.

"Ba Daka, uyu muntu ni wa kwanu. Ine nachita mbali yanga. Onani mwamene mungachitile."

Mlungu umene ndinasowa mtendere

Njira zinalipo, ndipo zonse ndinaziyeza. Kukamutaya kuthengo la ku Mpima kunali kumupha, chifukwa ndi chigoba chofewa chija galu woyamba kumupeza akanamutafuna. Kumusunga kuchipatala kapena kum'pezera mwini wina kunali kophweka, ndipo fulu akanachira, koma mayi uja akanabwerera m'nyumba yopanda chopuma china chilichonse. Njira yotsala inali yopita ku Ngungu masana dzuwa likuswa mtengo, kukamanga khola pakhomo pa munthu amene msewu wonse unkamutcha mfiti, ndi kuika dzina langa pambali pa lake. Kabwe ndi tauni yaing'ono pa nkhani zotere. Chonenedwa ku Ngungu m'mawa chimafika ku Kamushanga minibasi yoyamba isanadzaze.

Ndinawauza amayi anu madzulo ena akusefa munkoyo pakhonde, Monica ali kumsana. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuika sefa pansi. Inu mukuwakumbukira mmene ankaikira chinthu pansi akafuna kuyankhula.

"Atate ake Monica, ine nigulisa chakumwa. Sinigulisa malasha, sinigulisa nsapato. Chintu chamene muntu aika mukamwa. Bakamva ati ba Daka bamangila mfwiti nyumba ya fulu, nindani azamwa munkoyo wanga? Bana aba bazadya chani, udzu na fulu wanu?"

Sankanama. Malipiro anga m'zaka zimenezo ankabwera pamene afunira, ndipo ndowa ya munkoyo ndi imene inkagwira nyumba yathu pakati pa mwezi. Ndinayesa kuwafotokozera za dzuwa ndi mafupa, iwo anati za mafupa a fulu alibe nazo ntchito. Ndiye ndinawabwerezera mawu a mayi uja, akuti fuluyo ndi yekhayo wotsala amene anamudziwa Grace. Anamusuntha Monica kuchoka kumsana kubwera kutsogolo, n'kumuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatola sefa yawo n'kupitiriza kusefa.

Masiku otsatira ndinkadzuka ndi maganizo ena, kugona ndi ena. Chimene chinandimaliza ndi fulu mwini wake. Kuseri kwa ofesi, dzuwa likangomufika, ankatambasula khosi ndi miyendo yonse, maso atatseka, ngati munthu amene wamasulidwa katundu wolemera pamutu. Amake Grace ankabwera m'mawa uliwonse wapansi kuchokera ku Ngungu, n'kukhala pa njerwa pambali pake, nawonso nkhope ataloza kudzuwa. Ndinawaona awiriwo kudzera pawindo ndipo ndinadziwa kuti kuwalekanitsa sindingathe. Ndinawafunsa mayiwo ngati angalimbe mtima ine nditabwera ndi ovolosi ya ntchito n'kumanga kholalo anthu onse akuona. Anati akuopa, koma atopa.

Lachisanu ndinawauza amayi anu kuti mawa ndikupita, ndipo sindikuwakakamiza kanthu. Loweruka m'mawa ndikutuluka m'bafa ndinawapeza atavala kale chitenje chawo cha kutchalitchi, Monica ali kumsana, ndowa ya munkoyo ili pakhomo.

"Mwamuna yeka pa nyumba ya mukazi ofedwa?" anatero osandiyang'ana. "Mufuna bakambe viwili? Tiyeni, muzatichedwesa."

Amayi anu anatisiya zaka zapitazi, ndipo pali zambiri zimene ndimawakumbukira nazo. Koma ndikafuna kuwaona bwinobwino m'maso mwanga, ndimawaona m'mawa umenewo, atakwiya, atanyamula ndowa.

Khola la ku Ngungu

Mlimi wina wa ku Mpima amene ndinkamuthandiza ng'ombe zake anatibwereka galimoto yake ndi kutipatsa dothi la kumunda kwake. Dothi la m'tauni muno tonse tikulidziwa, lili ndi mtovu wa mumgodi, ndipo fulu amadya ndi dothi lomwe. Njerwa tinatola zotsala kuseri kwa ofesi. Amake Grace ankafuna timange kuseri kwa nyumba, koma kumeneko kunali mthunzi wa mango ndi chimbudzi tsiku lonse. Dzuwa la m'mawa linkagwa kutsogolo, pafupi ndi msewu, moyang'anizana ndi khonde la Bana Mwape. Ndinawaonetsa mayiwo pamene mthunzi unkathera, iwo anayang'ana kumsewu n'kunena kuti mangani pomwepo.

Ndinamanga chipupa chofika m'mawondo, chopanda mipata, chifukwa fulu akaona kunja amakankha pamenepo tsiku lonse mpaka kudzivulaza. Pakona imodzi ndinamanga kanyumba kouma, lata pamwamba, udzu pamwamba pa lata kuti kasatenthe, ndi udzu wina wouma mkati woti azibisalamo kukazizira. Ndinakwirira chivundikiro cha dramu kuti chikhale mbale ya madzi yosazama, yoti alowemo n'kutulukamo yekha. Tinadzala kapinga, chisoso ndi phata la maungu, n'kusiya mbali ina yoyera kuti aziotherapo ndi ina ya mthunzi kuti azithawirako. Ndinawauza mayiwo kuti nshima ndi kapenta zatha, buledi asamuonenso. Azidya udzu wambiri, masamba a maungu ndi a mabulosi, ndi makoko a mazira owiritsa osinja bwino owaza pamwamba. Iwo anadandaula kuti kumeneko ndi kumumana. Amayi anu anawayankha kuti fuluyo wadya nshima yokwanira moyo wake wonse, tsopano ayambe ndiwo.

Pamene ndinkamaliza, mipanda yonse ya msewuwo inali ndi mitu. Ogulitsa pa tumatebulo anasiya malonda awo, ndipo ngakhale oyembekezera minibasi anasendera. Panalibe wolankhula nafe. Fulu anali m'katoni m'nyumba, ndipo nthawi yomutulutsa itakwana Amake Grace anangoima pakhomo, katoniyo osaikhudza. Amayi anu, amene anali asanakhudzepo chokwawa chibadwire, analowa, n'kugwira mbali imodzi ya katoniyo.

"Gwilani uko, mayo. Tiyende."

Anatuluka awiriwo pang'onopang'ono mpaka pakhola. Wina kumpanda anakuwa, ana anathawa n'kubwereranso. Ine ndinamunyamula fuluyo m'mwamba pang'ono kuti aliyense amuone, ndinanena mokweza kuti ndine wa kuchipatala cha ziweto, kuti ichi ndi chiweto chodwala chifukwa chosowa dzuwa, ndipo ndizibwera kudzachiona. Amayi anu anakhala pansi pambali pa chipupa, anamasula Monica n'kumukhazika pamiyendo, n'kuyamba kumupatsa fulu duwa la dzungu. Atatero anatsegula ndowa n'kuitana aliyense wofuna munkoyo kuti abwere amwe ulere. Sipanabwere munthu. Tinamwa tokha atatu, ndipo Bana Mwape, mayi wonenepa wa mawu akuthwa, anasesa khonde lawo loyera kale atatifulatira.

Zimene amayi anu ankaopa zinachitikadi. Nkhani inafika ku Kamushanga, ndipo kwa miyezi ingapo ndowa inkabwerera kunyumba ili ndi theka. Akuluakulu inu mukukumbukira nthawi imene tinkamwa munkoyo m'mawa, masana ndi madzulo, ngakhale simunkadziwa chifukwa chake. Musaganize kuti amayi anu anapirira mwakachetechete ngati oyera mtima a pazithunzi. Ankandikumbutsa tsiku lililonse. Koma Loweruka lililonse ndikamapita ku Ngungu ankapita nane, atasunga makoko a mazira m'kachitini.

Fulu wofewa chigoba sasiyidwa yekha panja, chifukwa kuli agalu, akhwangwala ndi miyala ya ana. Choncho Amake Grace ankayenera kukhala pampando pafupi ndi khola m'mawa uliwonse, kutsogolo kwa nyumba yawo, nkhope ili kumsewu. Poyamba ankakhala ataweramitsa mutu, anthu akuwolokera tsidya lina. Kenaka anayamba kutulutsa zosoka zawo. Ana ndiwo anayamba kusendera, chifukwa mwana sangapirire kuona fulu akutafuna duwa iye ali patali. Amawo ankawaitana mokalipa, koma mawa lake ankabweranso. Mvula inagwa fulu ali moyo. Mabampu a pachigoba sanathe, ndipo a dokotala anali atanena kale kuti sadzatha, koma ndikadina ndi chala chinkakana. Miyendo yakumbuyo inayamba kunyamula thupi. Akuluakulu a mumsewuwo anasiya kuwoloka, komabe panalibe woima kupereka moni, ndipo Bana Mwape ankasesabe chofulatira.

Mvula ya chaka chotsatira

Loweruka lina ndinapita ndekha, amayi anu atatsala ndi Monica amene ankatsokomola. Usiku wake kunagwa chimvula, ndipo madzi anakokera dothi pakona ya khola mpaka linaunjikana kufika pafupi ndi pamwamba pa chipupa. Fulu amene chaka chapitacho ankangokoka miyendo anakwera pamuluwo n'kugwera kunja. Ndinapeza Amake Grace ali pamsewu opanda mpango kumutu, opanda nsapato, akusuzumira m'ngalande ndi pansi pa tumatebulo, akuitana Kasitima ndi mawu osweka. Sankafunsa munthu aliyense, chifukwa analibe woti n'kumufunsa. Mtima wanga unapita ku msewu waukulu, kumene maminibasi a ku Ngungu amathamanga ngati akuthawa ngongole, koma sindinanene. Ndinangoyamba kufufuza m'maudzu a m'mbali mwa mipanda.

Tili choncho tinamva mahutala kumsewu waukulu kuja, ambiri nthawi imodzi, ndi mawu a makondakitala akukalipa. Amake Grace anaima chilili, manja ali pamutu. Ine ndinati ndithamangire komweko, koma ndisanapite patali ndinaona munthu akukhota pakona kubwera kwathu.

Anali Bana Mwape. Anali atamugwira fuluyo ndi manja awiri opanda kanthu, atamutalikitsa ndi thupi lawo, nkhope ataipotoza, akuyenda mwachangu mmene thupi lawo linkalolera. Kutsogolo kwa diresi lawo kunali konyowa, chifukwa fulu akanyamulidwa mwadzidzidzi amataya madzi. Anthu anatuluka m'nyumba kudzaona. Mayiyo sanayang'ane aliyense, analunjika pamene panali mnzake.

"Amake Grace! Tengani chintu chanu ichi. Nachipeza pakati pa musebo, chiyenda monga musebo ni wa atate ake. Nachita kuimika mabasi neka, makondakita bonse banitukana. Onani, chanikozela na kunikozela!"

Amake Grace anamulandira n'kumukumbatira pachifuwa ndi matope omwe. Bana Mwape anapukuta manja m'chitenje, anatembenuka ngati akupita, n'kuimanso. Atayankhulanso mawu awo anali atatsika, moti tinamva ine ndi Amake Grace basi.

"Ka Grace kanali kuchikonda ichi. Ninali kukaona pa mpanda, kakuchisambika na mswachi, kakuimba. Sembe chafa pa musebo, awe, sichikanawama."

M'msewu umenewo munali mutapita zaka popanda munthu wokamba za mtsikanayo. Amake Grace anakhala pansi pomwepo, m'matope, fulu ali pamiyendo, n'kulira mokweza ngati maliro achitika m'mawa womwewo. Ine ndinavula chipewa, osadziwa chochita nacho. Bana Mwape anaima akuyang'ana uku ndi uku, kenaka anawerama movutikira, n'kukhala pansi pambali pawo ndi diresi lawo lonyowalo. Anadikira mpaka kulira kutachepa.

"Nanga chidya chibwabwa, masamba ya maungu?" anafunsa. "Nili nacho chambili kuseli."